Mwala wa Sisyphus ndi njerwa za amayi anga

Nyumba yathu ku East Bank inagwa koyamba mu Januwale 2015, ine ndili mu Sitandade 4. Tinaimanganso. Namondwe wa Idai mu 2019 anangoisiya ndi ming'alu, koma Ana atabwera mu Januwale 2022 anaigwetsa yonse. Amayi anaumbanso njerwa, khoma linafika pa mawindo, ndipo mu Malichi 2023 Freddy anadzalitenga lisanaone denga. Titakhala nthawi m'kachisakasa, tchuthi china ndinawapeza ali ndi chikombole m'manja, matope mpaka m'mawondo, akuumba kachitatu. Ndinawafunsa ngati sakutopa. Anandiyang'ana ngati ndafunsa zachibwana, n'kunena kuti, "Ukufuna tizigona m'mabuku akowo? Tenga ndowa ukatunge madzi."

Nditabwerera kuno ku koleji ndinafotokozera mnzanga wina nkhaniyi. Iye anangoti, "Ameneyo ndi Sisyphus." Dzinalo ndinali ndisanalimvepo. Ndinalifufuza, ndipo linandifikitsa kwa Albert Camus, kenako kwa Samuel Beckett ndi anzawo. Mlongo wina wa gulu lathu la mapemphero atandiona ndi mabukuwo anandichenjeza mwachikondi kuti anthu ambiri anasiya mpingo chifukwa cha zowerenga zotere. Sindikumunyoza, nkhawa yake ndi yeniyeni. Koma ndikufuna kunena poyera kuti ndikusiyana naye maganizo. Ife ophunzira a Chiadventisti, makamaka amene tikukonzekera kukaima kutsogolo kwa ana, tiyenera kuwawerenga anthu amenewa. Funso limene iwo analemba m'mabuku, anthu a ku Chikwawa ndi ku Nsanje amalifunsa ali pamwamba pa chulu, madzi akukwera. Tikalithawa m'laibulale tikalipezabe m'kalasi.

Sisyphus ndi munthu wa m'nthano za Agiriki. Milungu inamulanga kuti azigubuduza chimwala kukwera nacho phiri. Akangotsala pang'ono kufika pamwamba, mwala uja umagubuduka kubwerera pansi, iye n'kutsika kukayambanso, mpaka kalekale. Mu 1942, nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ili mkati, Camus anatulutsa buku lotchedwa The Myth of Sisyphus, ndipo ananena kuti moyo wa munthu aliyense ndi wotero. Mawu amene anagwiritsa ntchito ndi akuti absurd. Ena amawamasulira kuti zopanda mutu, koma kumasulira kumeneku kumaphonya pang'ono. Camus sankanena kuti dziko ndi lopusa kapena kuti munthu ndi wopusa. Ankanena za chimene chimachitika ziwirizi zikakumana: munthu ali ndi njala yofuna kudziwa chifukwa chake, dziko lili duu. Mayi amene mwana wake wapita ndi madzi amaima m'mphepete mwa Ruo n'kufunsa kuti bwanji wanga, mtsinje n'kumangoyenda. Pamenepo ndi pamene pali absurd.

Poyamba ndinkaganiza kuti awa ndi maganizo a azungu okhuta, osowa chodandaula. Ndinachita manyazi nditawerenga mbiri yake. Camus anabadwira mu Africa muno, ku Algeria, mu 1913. Bambo ake anafera ku nkhondo iye asanakwanitse chaka. Mayi ake sankatha kuwerenga, ankamva movutikira, ndipo ankagwira ntchito yoyeretsa m'nyumba za anthu. Mphunzitsi wake wa ku pulayimale, Louis Germain, ndi amene anachonderera banja kuti mwanayo apitirize sukulu m'malo mokagwira ganyu, n'kumuphunzitsa mwapadera kuti apate thandizo la fizi. Anali goloboyi mpaka chifuwa chachikulu chinamuchotsa m'bwalo ali ndi zaka 17. Atalandira mphotho ya Nobel mu 1957, mmodzi mwa anthu oyamba kuwalembera kalata yothokoza anali mphunzitsi uja. Anafa pa ngozi ya galimoto mu Januwale 1960, tikiti ya sitima imene sanakwere ili m'thumba.

Dzina lina limene mungamve limodzi ndi la Camus ndi la Jean-Paul Sartre, mwini wake wa chiphunzitso chotchedwa existentialism, ngakhale Camus ankakana kuikidwa m'gulu limeneli ndipo awiriwa anadzakangana mu 1952. Mfundo ya Sartre ndiifotokoze chonchi. Wosula khasu amadziwa ntchito ya khasulo asanalisule. Munthu, anatero Sartre, alibe womusula, choncho amayamba wapezeka kaye, kenako amadzisula yekha ndi zimene akusankha. Apa ine ndi iye tasiyana njira, chifukwa ndimakhulupirira kuti Wotisula alipo. Koma chimene iye anatulutsa mu mfundoyo chimaluma Mkhristu yemwe: sungabisale kuseri kwa mawu akuti ndinalibe kuchitira mwina. Ndipo tisaiwale kuti gwero la maganizo onsewa ndi Mkhristu. Søren Kierkegaard wa ku Denmark, amene anamwalira mu 1855, ankalimbana ndi Chikhristu chongobadwa nacho, chosatuluka thukuta. Mu 1843 analemba buku lonse lokhudza Abrahamu pa ulendo wa masiku atatu wopita ku Moriya, kufunsa kuti mumtima mwa bambo ameneyu munkachitika zotani. Ife nkhaniyo timaidumpha msanga kuti tikafike pa nkhosa ija.

Buku la Camus limene linandigwira kwambiri si la Sisyphus ayi, koma The Plague, la mu 1947. Mumzinda wa Oran makoswe akuyamba kufera m'makwalala, kenako anthu, kenako zipata za mzinda zikutsekedwa. Muli dokotala wosapembedza, Rieux, amene akungochiza odwala tsiku ndi tsiku ngakhale ambiri akumufera m'manja. Mulinso wansembe wophunzira kwambiri, Paneloux, amene pa ulaliki wake woyamba akuuza anthu kuti mliriwo ndi chilango chowayenera. Pambuyo pake awiriwa akuima limodzi pambali pa bedi la kamnyamata kamene kakufa ndi ululu waukulu. Ulaliki wachiwiri wa Paneloux ndi wina. Sakuwalozanso anthu chala, akudziwerengera yekha pakati pawo, ndipo walowa m'gulu lothandiza odwala.

Nditawerenga pamenepo ndinatseka buku, chifukwa ulaliki woyamba uja ndinaumvapo ndi makutu anga. Mu 2015 tinali pa msasa pa sukulu ina ya pulayimale, mabanja ambirimbiri m'kalasi imodzi. Kunabwera mlaliki. Sinditchula mpingo wake chifukwa akanatha kukhala wa mpingo uliwonse, wathu womwe. Anati madzi abwera chifukwa cha machimo a m'chigwa, n'kuyamba kuwatchula: kachasu, chigololo, ufiti. Pafupi ndi ine panali mayi wina amene khanda lake linapulumuka kumsana usiku wa madzi uja. Anadzuka mwakachetechete n'kutuluka. Palibe anamutsatira. Ndinali mwana, koma ndinadziwa kuti pachitika cholakwika, ngakhale ndinalibe mawu ochitchulira. Chaka chimenecho boma linalengeza kuti maboma 15 ali pa ngozi, ndipo anthu oposa 200,000 anasowa pokhala. Kodi onsewa anachimwa kuposa a ku Namiwawa?

Chodabwitsa n'chakuti Baibulo lathu lomwe lili kumbali ya mayi uja. Anzake a Yobu anachita bwino masiku asanu ndi awiri amene anakhala chete, anayamba kulakwa atatsegula pakamwa kuti afotokoze. Yesu atauzidwa za anthu ophedwa, ndi pokamba za anthu 18 amene nsanja ya ku Siloamu inawagwera, anakana kuti iwo anali ochimwa kuposa ena. Buku la Mlaliki lili ndi ndime zimene mukanaziwerenga osadziwa kumene zachokera mukanati analemba ndi Camus. Zinatengera munthu wosapembedza wa ku Algeria kuti andibweze ku masamba amenewa, amene pa Sukulu ya Sabata timawadutsa mothamanga ngati tikudutsa pamanda usiku.

Tsopano za Beckett. Sewero lake la Waiting for Godot linaonetsedwa koyamba ku Paris mu 1953. Amuna awiri, Vladimir ndi Estragon, ali pansi pa kamtengo m'mbali mwa msewu kudikira munthu wotchedwa Godot. Amakangana, amagwirizana, wina amalimbana ndi nsapato yomuthina, amaganiza zochoka koma sachoka. Madzulo kumabwera kamnyamata kudzanena kuti Godot sabwera lero, abwera mawa. Gawo lachiwiri n'chimodzimodzi. Amene munaonerapo Izeki ndi Jakobo mukudziwa kale mtundu wake wa anthu awiri osatha kukhalirana komanso osatha kusiyana, kungoti kwa Beckett kuseka kumakuthera pakhosi.

Munthu wa ku Nsanje safunika womumasulira sewero limeneli. Mu Okutobala 2010 Pulezidenti Bingu wa Mutharika anatsegulira doko la Nsanje, Robert Mugabe wa ku Zimbabwe ndi Rupiah Banda wa ku Zambia ali pomwepo. Anthu anavina, anayang'ana kumunsi kwa Shire kudikira sitima ya pamadzi. Sitimayo inagwidwa ndi akuluakulu a ku Mozambique, ndipo mpaka lero chikhoma cha konkire chija chikudikirabe. Ife a ku East Bank tili ndi Godot wathuwathu. Madzi anadula msewu ndi njanji pakati pa Chiromo ndi Bangula mu 1997, ine ndisanabadwe, ndipo ndakula ndikuoloka pa bwato pamalo amene anthu anawapatsa dzina loti Mtayamoyo. Kamnyamata konena kuti mawa kamabwera nthawi ya kampeni iliyonse.

Si ife tokha amene tinadziona m'seweroli. Akaidi a ku San Quentin ku America analionera mu 1957 ndipo analimva msanga kuposa anthu ophunzira a m'mizinda. Susan Sontag analikonza ku Sarajevo mu 1993 mzindawo utazingidwa ndi nkhondo, ochita sewero akuunikira ndi makandulo. Mu 2007, patatha zaka ziwiri namondwe wa Katrina atamiza New Orleans, linachitikira panja, pakati pa mabwinja a nyumba zokokoloka ku Lower Ninth Ward, pamaso pa anthu amene ankadikirabe thandizo. Kufupi kuno, Athol Fugard, John Kani ndi Winston Ntshona anayamba sewero lawo la The Island la mu 1973 ndi akaidi awiri amene aliyense akukumba mchenga, kuunyamula pa wilibala n'kukauthira m'dzenje la mnzake. Ameneyo ndi Sisyphus wa nthawi ya tsankho ku South Africa. Kwathu kuno Steve Chimombo sanafunike kubwereka kwa Agiriki. Anatenga Napolo, chinjoka cha pansi pa phiri chimene chikamasamuka chimagumula nthaka ndi kusefukiza mitsinje, n'kuchisandutsa chithunzi cha mavuto obwera mobwerezabwereza pa anthu osalakwa.

Pali chifukwa china chimene seweroli liyenera kutisowetsa tulo ife makamaka. Dzina lathu lomwe likunena kuti ndife anthu odikira. Mpingo wathu unatuluka mwa anthu amene pa 22 Okutobala 1844 anadikira tsiku lonse mpaka pakati pa usiku, ndipo kunja kunacha monga mwa masiku onse. Beckett ankakana kunena kuti Godot ndi ndani, choncho sindimunamizira kuti ankanena za ife. Koma munthu wakunja akationa, n'chiyani chingamuuze kuti kudikira kwathu n'kosiyana ndi kwa Vladimir ndi Estragon? Sangaone za mumtima. Angaone manja okha. Otsala a 1844 aja sanakhale pansi pa mtengo. Anakhazikitsa mpingo mu 1863, anamanga masukulu ndi zipatala, mpaka anafika ku Malamulo mu 1902. Anthu oyembekezera kuti dziko litha posachedwa anadzala mitengo yotenga zaka makumi kuti ikule. Ineyo sindiona kutsutsana pamenepo. Kumene ndimaona vuto ndi pamene mnzanga akuti palibe chifukwa cholimbikira maphunziro, kapena chodzalira mitengo m'mbali mwa mtsinje, poti Yesu ali pafupi kubwera. Mawu ake ndi achipembedzo, koma wakhala pansi pa kamtengo komwe kaja.

Ndipo pansi pa kamtengoko sakhala yekha. Akhala limodzi ndi mnzake wa pa foni. Maganizo a Camus ndi Sartre anatuluka kalekale m'mabuku n'kulowa m'mafilimu. Mu Groundhog Day ya mu 1993 munthu amadzuka m'mawa uliwonse n'kupeza kuti ndi tsiku lomwe lija. Everything Everywhere All at Once, imene inapata ma Oscar asanu ndi awiri mu 2023, ndi nkhani ya mayi amene mwana wake wamkazi wafika poti palibe chilichonse chili ndi phindu. Mafilimu awiriwa amathera pa kukoma mtima, koma chimene chimafika pa TikTok ndi pa masitetasi a WhatsApp ndi theka loyamba lokha: zonse n'zachabe, tiyeni tiseke. Ife Amalawi nthabwala zotere timazitha. Ana atawononga damu la Kapichira mu 2022, magetsi n'kumazima tsiku lonse, nthabwala zake zinkayenda mofulumira kuposa nkhani. Sindikudana nako kuseka, kwatipulumutsa kambiri. Koma mawu akuti bola moyo ali pawiri. Agogo anga akawanena atataya mbuzi zonse, ndiye kuti mawa alawirira kudimba. Mnzanga wa zaka 20 akawalemba pa sitetasi ali chigonere mpaka 11 koloko, ndi chinthu china.

Kuseri kwa nthabwalazi nthawi zina kumakhala mdima weniweni. Apolisi akhala akulengeza za kuchuluka kwa anthu odzipha m'dziko muno, ambiri mwa iwo amuna. Camus anayamba buku la Sisyphus ndi funso lomweli, ngati moyo uli woyenera kuupitiriza, ndipo yankho lake linali lakuti inde, ngakhale utapanda kupeza tanthauzo. Amene amati mabuku awa amaphunzitsa kutaya mtima sanawerenge mpaka kumapeto. Mphunzitsi amene sanayambe walimbanapo ndi funso limeneli adzachita mantha tsiku limene mwana wa Fomu 3 adzamufunse, ndipo adzamuponyera vesi msangamsanga kuti atseke pakamwa. Mwanayo sadzafunsanso.

Komabe mnzanga uja analakwitsa ponena kuti amayi anga ndi Sisyphus, ndipo ndatenga miyezi kuti ndione polakwika pake.

Mwala wa Sisyphus unachokera kwa milungu, ndipo kunalibe kokadandaula. Madzi athu ali ndi eni ake. Aliyense wokwera chitunda cha Thabwa kupita ku Blantyre amaona matumba a makala akukwera naye limodzi. Mapiri a ku Thyolo, ku Mwanza ndi m'mphepete mwa chigwa akamametedwa, dothi limatsika n'kukwirira Ruo, Mwanza ndi Shire, ndipo mtsinje wodzaza mchenga susowa mvula yambiri kuti utuluke m'njira yake. Nyanja ya Indian ikamatentha, anamondwe amanyamula madzi ochuluka, ndipo utsi umene ukutenthetsa dziko sunachokere ku Makhanga. Makoma otchinga madzi amamangidwa ndi anthu, amalephera kumangidwanso ndi anthu. Tikangoti zonsezi ndi absurd, tamasula aliyense amene akanayenera kuyankha. Mlaliki wa pa msasa uja anaika mlandu pa ozunzika, wanzeru wa pa foni akuti palibe mlandu. Onse awiri asiya mtsinje uli chikwiririke.

Komanso mwala wa Sisyphus sufunditsa munthu. Nyumba imene amayi anamanga mu 2015 inakhala zaka zisanu ndi ziwiri. M'menemo ndinawerengera mayeso a Sitandade 8 pa nyali ya batire, mchemwali wanga anachiriramo malungo, agogo anatisiyiramo mawu awo omaliza. Kugwa kwake sikunafufute zimenezo. Anzathu a kumtunda amakonda kufunsa kuti bwanji osangosamuka, ena mpaka amati timakonda zolandira. Abwere adzaone dimba madzi akaphwa, dothi lakuda limene limabereka chimanga, mbatata ndi nyemba popanda feteleza pamene kumtunda kuli gwaa. Malo a kumtunda ali ndi eni ake, ambiri ndi a miyala, ndipo amakolola kamodzi. Kubwerera kuchigwa si misala. Ndi masamu a munthu amene akusankha pakati pa madzi obwera zaka zina ndi njala yobwera chaka chilichonse. Kusamuka kungakhale koyenera, ndipo mabanja ena asamukadi, koma kukambidwe ndi anthu odziwa masamu amenewa.

Pa za Mulungu, Camus ankaona chikhulupiriro ngati kudumpha funso, ndipo anamudzudzula Kierkegaard pa chifukwa chimenechi. Sindigwirizana naye, koma ndaphunzira kusamuyankha mothamanga. Pali chikhulupiriro chimene chimadumphadi funso, ndinachiona pa msasa paja. Palinso cha amayi a Dorika amene anafika pa msasa womwewo ndi mapoto, osalalikira chilichonse, n'kukhala pansi pafupi ndi mayi wotaya khanda uja mpaka kunada. Dokotala Rieux akanawazindikira amayi amenewa ngati anzake a ntchito, ngakhale akanasiyana nawo pa zimene zidzachitike m'mawa wa chiukitso. Ine ndili kumbali ya amayiwo pa nkhani ya chiukitso. Kungoti ndikudziwa tsopano kuti amene amafika ndi poto ndi amene ali ndi ufulu woitchula.

Mwezi watha ndinapitanso kumudzi. Khoma lafikanso pa mawindo, ndipo amalume ndi anyamata a kumpingo alonjeza kudzathandiza kukweza denga mvula isanayambe. Tikusanja njerwa ndinawafotokozera amayi nthano ya Sisyphus, phiri, mwala, kutsika ndi kuyambanso. Anamvetsera mpaka kumapeto osandidula.

"Ndiye munthuyo analibe abale?" anafunsa.

Ndinati bukulo silinena za abale.

Anapukusa mutu, n'kundiuza kuti ndifulumire kuvundikira njerwa zotsalazo ndi udzu, chifukwa linali Lachisanu ndipo dzuwa linali litapendeka kale.